Chitupa Chobwereka cha Ababa

Ndikukumbukira tsiku limene chikho cha besibolo chinafika pa komboni yathu m'katoni ya sopo, n'kubwerera m'katoni yomweyo mpunga usanazizire n'komwe. Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi. Lero ndimakhala ku Ilford, mumzinda wa London, m'fulati ya zipinda ziwiri, ndi amuna anga komanso ana athu awiri. Zolembalemba sindinazizolowere, koma zimene ndakumana nazo ku Barking Loweruka lapitali zandibwezera kutali, ndiye ndati ndilembe mmene ndingathere.

Tinkakhala pa pulazi ya fodya ku Zimbabwe. Agogo anachoka ku Dedza ali mnyamata kukafuna ntchito, ababa anabadwira pa pulazi pomwepo, inenso chimodzimodzi. Pa komboni tinkayankhula Chichewa, kusukulu Chishona. Besibolo inabwera ndi mphunzitsi wina wa ku Japan amene anakhala pasukulu yathu zaka ziwiri. Iye ankati akuphunzitsa ana, koma amene anatengeka nayo anali azibambo. Akaweruka kuzigafa ankapita kubwalo, n'kuika matumba anayi a feteleza odzaza mchenga m'ngodya zinayi. Wina ankaponya mpira, wina n'kuumenya ndi chibonga kenako n'kuthamanga kuzungulira matumbawo.

Ababa, a Laisoni Mbewe, anali owakha. Ankanjuta kumbuyo kwa womenya, chigoba chawaya kumaso, gulovu yaikulu ngati chipewa kudzanja lamanzere. Mpira umene womenya wauphonya unkathera mwa iwo, ndipo wothamanga akamabwera kudzaponda thumba lotsiriza ankapeza njira yotseka. N'chifukwa chake aliyense ankawatcha Chitseko. Kubwalo sindinamvepo wina akuwaitana dzina lina. Zala zawo ziwiri zinali zopindika, ndipo Lamlungu tikachoka kutchalitchi ntchito yanga inali yopaka gulovu ija mafuta a ng'ombe. Fungo lake silinandichoke m'mphuno: chikopa, thukuta ndi fodya wouma.

Chaka chimenecho timu yathu inalowa mu ligi ya chigawo chonse, n'kuyamba kugonjetsa anyamata a m'tauni omwe anali ndi nsapato zenizeni zamasewera. Tsiku lotsiriza ana sitinapite nawo, lole inadzaza. Tinangoimva ikubwerera, hutala ikulira kuyambira kumlatho. Ankati wothamanga womaliza wa timu ya m'tauni anagundana ndi ababa, fumbi linangoti koboo, ndipo litatsika mpira unali udakali m'gulovu. Timu yathu inapambana pomwepo.

Akuluakulu a ligi anati chikho adzabweretsa okha Loweruka lotsatira kuti akapereke pamaso pa anthu. Tsikulo mbuzi ziwiri zinaphedwa, mpunga unaphikidwa m'migolo yodula pakati, maheu anadzaza ndowa. Amayi anandiveka diresi la kutchalitchi ndi nsapato zomwe zinkandithina chala chachikulu.

Podikira alendo, azibambo anakhala mumthunzi wa chigafa n'kuyamba mkangano wawo wa nthawi zonse: kodi katswiri weniweni ndani chiyambire masewerawa? Ena anati ndi Fakisoni woponya, amene mpira wake unkayenda mokhota ngati munthu wochokera kumowa. Ena anati ndi malemu a Dausi, amene anamenyapo mpira mpaka sunapezekenso. Aliyense akamafotokoza, mpira wa a Dausi unkapita patali kuposa mmene wanenera mnzake, moti wina anauwolotsa mtsinje. Wokweza mawu kuposa onse anali a Tapiwa Marufu, oyendetsa thirakitala, munthu woti ukamuponyera lalanje linkamugunda pamimba asanatambasule manja. Iwo anadzimenya pachifuwa n'kunena kuti katswiri wa akatswiri ndi iwowo, ndipo mapepala a ligi ndiwo mboni. Anthu anaseka mpaka kugwirana mapewa. Ababa anangomwetulira, maso ali pansi. Ine ndinaseka nawo, koma osadziwa chikusekedwa.

Chimene sindinkadziwa ndi ichi. Ligi inkafuna kuti wosewera aliyense aonetse chitupa cha boma, ndipo ababa analibe. Akapita kuofesi ankawauza kuti ndi mlendo, akatenge makalata kwawo ku Malawi, dziko limene sanapondeko phazi. Ndiye timu inabwereka chitupa cha a Marufu. Zitupa za nthawi imeneyo zinali zachitsulo, kachithunzi kake kakang'ono, kakuda, koti munthu aliyense akanatha kunena kuti ndi iye. Chaka chonse, pa mapepala a ligi, ababa anali Tapiwa Marufu. Akuluakulu onse pa komboni ankadziwa. Ana sanatiuze, poopa kuti tingaulule.

Alendo anafika pagalimoto yoyera: bambo wina wovala tayi wochokera ku ligi, ndi mphunzitsi wa timu ya m'tauni imene tinaigonjetsa, amene anabwera kudzapereka ulemu. Chikho anachitulutsa m'katoni n'kuchiika patebulo la kusukulu loyalidwa chitenje. Sichinali chachikulu monga ndinkaganizira, koma dzuwa litachiwomba ndinatsinzina. Amayi analulutira. Kenako bambo wa tayi uja anatulutsa mendulo, nati popeza wamva kuti pano pali mkangano wa katswiri, iye authetsa. Anayang'ana pepala n'kuwerenga kuti wosewera bwino kuposa onse chaka chino ndi Tapiwa Marufu.

Ababa anaimirira, n'kupukuta manja m'buluku.

Ine ndinaona ngati mlendoyo walakwitsa, ndipo zinandipweteka. Munthu wathyoka zala, ine ndapaka gulovu Lamlungu lililonse, ndiye atchule dzina la eni? Ndinadutsa pakati pa miyendo ya anthu, nsapato zikundiluma, mpaka patebulo. Ndinagwada monga anandiphunzitsira amayi, n'kuyankhula m'Chishona changa cha kusukulu, momveka bwino kuti asalakwitsenso.

"Pepani, awa si a Marufu. A Marufu ndi awo akudya nyama apowo. Awa ndi ababa anga, a Laisoni Mbewe."

A Marufu anali ndi fupa pakamwa, ndipo linakhala pomwepo. Wina anayesa kuseka, nati mwanayu ndi wopepera, koma palibe anamuthandiza kuseka. Ndimakhulupirira kuti bambo wa tayi akanakhala yekha akanatha kunamizira kusamva, chifukwa anayang'ana kumwamba nthawi yaitali. Koma mphunzitsi wa timu ya m'tauni anali ataimirira kale, akupempha kuona chitupa.

Panalibe kukuwa. Anakambirana chapansipansi kuseri kwa galimoto, kenako chikho chinalowa m'katoni, mendulo m'thumba la jekete. Galimoto itachoka tinatsala ndi mpunga wathu. Anthu anadya ndithu, chifukwa mbuzi zinali zitafa kale, koma ankadya ngati pamaliro, kumangomveka masipuni. Mayi wina anandiyang'ana n'kutsonya. Amayi anga anandigwira mkono mwamphamvu, zikhadabo zinasiya zizindikiro.

Ndinkadikira chikwapu, ndipo ndikanachilandira ndi mtima wonse. Koma ababa anabwera n'kumasula dzanja la amayi, anandivula nsapato zothina zija n'kuzinyamula okha. Tinayenda awiri kudutsa munda wa fodya wodulidwa kale. Titafika pakhomo anandiweramira.

"Sunaname, Esinati. Dzina langa ndi lomwelo."

Anangonena zimenezo basi. Kubwalo sanapitekonso, ligi inawaletsa ndipo timu inaichotsa. Gulovu ankaitulutsabe Lamlungu, koma ankapaka okha, ine osandiitana, nanenso osayandikira. Chigoba chawaya chija amayi anachisandutsa chovundikirira anapiye. Kwa miyezi ingapo ana anzanga ankanditcha Wailesi. Patapita nthawi pulazi inasintha eni, anthu a pa komboni tinabalalika. Ine ndinalekezera mu giredi seveni, chifukwa mayeso ankafuna kalata yobadwira ndipo ndinalibe. Ababa anamwalira ndisanakwatiwe, opandabe chitupa.

Kuno ku London mwana wanga woyamba, Chisomo, anaona anzake akusewera besibolo kupaki n'kuyamba kundivutitsa. Tsiku lolembetsa anandipatsa fomu, ndipo ndinakhala nayo patebulo nthawi yaitali ndisanalembe dzina lake, chilembo chimodzichimodzi. Mapepala athu anativuta zaka zambiri, ndimawasunga m'chikwama cha pulasitiki pansi pa bedi. Timu ya anawo yapambana kachikho kawo mwezi uno, ndiye Loweruka lapitali banja lina la kutchalitchi kwathu linatiitana kunyumba kwawo ku Barking kuti tisangalale. Kunja mvula inali kuwaza monga mwa masiku onse, majekete ataunjikana pamasitepe, ine ndili kukhitchini kugawa mpunga chifukwa shifiti yanga kunyumba yosamalira okalamba inali yamadzulo.

Pabalaza azibambo anayamba mkangano womwe uja. Mafoni m'manja, wina akuti wa ku Amereka wakutiwakuti, wina akuti wa ku Japan, Chizungu ndi Chichewa zitasakanikirana. Ndiye bambo wina wachikulire amene sindinkamudziwa, mlendo wochokera ku Wembley, anati onsewo amangowaonera pafoni, koma iye anagundanapo ndi katswiri weniweni. Anati ali mnyamata ankasewerera timu ya m'tauni kwawo ku Zimbabwe, ndipo pa masewera otsiriza anathamangira wowakha wina wa kupulazi, n'kumva ngati wagunda khoma. Anaonetsa phewa lake, nati limamupwetekabe kukazizira.

"Ankamutcha Chitseko. Dzina lake Tapiwa Marufu. Sindidzamuiwala."

Bamboyo anati chikho chinaperekedwa ku timu yawo pambuyo pake chifukwa cha nkhani ina ya mapepala, koma za mapepalazo sanazitsate.

Ndinaima pakhomo la khitchini, mbale m'manja, ngati mwana wa zaka zisanu ndi zinayi uja. Ndinayamba ndagawira aliyense. Ndinathira madzi m'ketulo, n'kupukuta patebulo pomwe panali poyera kale. Ndinayang'ana m'chipindamo ngati muli munthu wa tayi, ngati muli katoni. Munalibe. Ndiye ndinapita pafupi ndi bamboyo, ndinagwada pakapeti.

"Pepani bambo, sanali a Marufu. Anali a Laisoni Mbewe. Anali ababa anga."

Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anavula chipewa. Anafunsa ngati ali moyo, ndinapukusa mutu. Anabwereza dzinalo kawiri, pang'onopang'ono, ngati akuliyesa pakamwa. Ena aja anabwerera kumafoni awo ndi katswiri wawo wa ku Japan.

Zinthu zasintha ndithu. Mawu omwewo amene anachotsa chikho pa komboni yathu, tsopano ndawanena ndipo palibe chimene chachotsedwa. Palibenso chimene chabwezedwa. Tili pa basi yobwerera ku Ilford, Chisomo anandifunsa m'Chizungu chake kuti ndimawauza chiyani agogo aja. Mendulo yake inali pakhosi, magalasi a basi atachita nthunzi. Ndinamuuza kuti anene pambuyo panga: Laisoni Mbewe. Koyamba anapotoza, ndinamubwerezetsa mpaka anatchula bwino.