Kapitawo Amene Sanandilamulepo

Ndikawakumbukira agogo aamuna, ndimamva fungo la masamba a tiyi lomwe silinkachoka m'jekete lawo ngakhale atapuma pantchito, ndiponso kulira kwa pampu ya njinga m'mawa, nkhungu isanachoke paphiri. Anali kapitawo ku esiteti, ndipo anthu ankati akakuwa, ngakhale wothyola tiyi wa kumzere womaliza ankadzidzimuka. Koma ine sanandilamulepo.

Ndinali mwana wovuta, ndisabise. Munthu akangoti "sesa", manja ankauma, ngakhale tsachelo ndinali nditalinyamula kale mwa kufuna kwanga. Sunali mwano. Mawu olamula ankandifinya pachifuwa mpaka kusowa popumira. Amayi anayesa chikwapu, anayesa mapemphero, anayesanso kundinyengerera ndi mandasi, koma zonse zinkathera m'misozi, yanga ndi yawo yomwe.

Ndiye linafika tsiku loyamba la mayeso a Sitandade 8. Amayi anali atanena kale kuti ndikapanda kulemba, sukulu yathera pomwepo, andituma kwa azakhali ku Chitakale kukalera ana. Sukulu ndinkaikonda, ndipo ndinali nditawerenga. Koma m'mawa umenewo zinangoti, "Enelesi dzuka, samba, vala, fulumira." Ndinakabisala kuseri kwa matumba a chimanga, mantha atandigwira.

"Iwe, tapita kudimba, nkhaniyi undisiyire," agogo anawauza amayi.

"Bambo, mwanayu mukumulekerera."

"Ndalamula anthu moyo wanga wonse. Ena ukawakoka amabwera, ena ukawakoka amaduka."

Amayi atachoka, agogo anatenga yunifolomu yanga n'kuiika pa keriyala ya njinga yawo, kenako anayamba kulankhula ndi njingayo. "Ine ulendo wa ku Limbuli uno, kukagula fodya. Njira yake ndi yodutsa pasukulu. Kaya kumbuyoku kukhala munthu, kaya ayi, ine sindikudziwa."

Anayamba kupopa tayala. Ndinasuzumira pamng'alu wa chitseko, ndipo ndinawaona akumaliza kupopa, n'kutulutsanso mpweya wonse, n'kuyambiranso. Anachita zimenezi katatu, thukuta lili kamukamu, osacheukira kukhomo ngakhale kamodzi. Pachifuwa panayamba kumasuka. Ndinatuluka, ndinavala, n'kukwera. Sanandiyamikire, sanandifunse kanthu, anangopalasa akuimba mluzu. Titafika pafupi ndi sukulu anaima n'kunena kuti, "Aa, tayala lija laphwanso." Ndinatsika ndekha n'kukalowa m'kalasi.

Masiku onse a mayeso tinayenda choncho. Ndinali nditakula kale pamene ndinazindikira kuti agogo sankasuta fodya.

Lero ndili ndi mwana wanga, Tadala, ndipo ananditengera ndendende. Kuchipatala anandiuza kuti vutoli lili ndi dzina lake lachizungu, ndipo kuti mwana wotere amakana chifukwa cha nkhawa, osati kuderera. Agogo anamwalira asanalimve dzinalo. Ine ndikulidziwa, komabe masiku ena ndimakalipa, ndipo ndikatero ndimamvetsa amayi anga ndi chisoni chachikulu.

Koma m'mawa umene mtima wakhala m'malo, mawu oti "vala nsapato" akafika pa lilime ndimawameza. Ndimaika nsapatozo pakhomo, n'kuuza chitseko kuti ine ndikupita, ndipo njira yanga ndi yodutsa pasukulu. Kenako ndimaima pakhonde, ndimamasula duku langa n'kulimanganso, katatu kaya kanayi, osacheuka.