Nyumba Yachisanu

Linali Lachinayi lomaliza la Januwale, nthawi itangodutsa 9 koloko m'mawa, pamene galimoto yoyera inaima pansi pa mtengo wa mango m'mudzi mwathu, kumpoto kwa Senga Bay. Munatuluka namwino atanyamula sikelo yopachika, ndi bambo wina wamagalasi, buku lili kukhwapa, choko chili kumanja.

Mwana wanga wamkazi anali ndi chaka ndi miyezi isanu. Kwa milungu itatu mapazi ndi masaya ake zinali zotupa, tsitsi litafiira ngati ndevu za chimanga. Ukadina chala pamwendo, pankatsala kadzenje. Ndinali pachitengwa, mwamuna wanga ali kutali kokapha usipa, ndipo apongozi anga anali atagamula kale kuti ndi tsempho, kutanthauza kuti ndinayenda ndi mwamuna wina. Kuchipatala anandiletsa. Ankati jekeseni imapha mwana wa tsempho, ndiyambe ndaulula. Choulula ndinalibe.

Wapampando wa chipani anatisonkhanitsa. Wamagalasi uja anati abwera kudzaona mmene ana a kunyanja akukulira, koma sayeza onse. Anati ophunzira apeza masamu atsopano: ukawerenga nyumba motsatana n'kuyeza ana a m'nyumba yachisanu iliyonse, wadziwa za mudzi wonse. Anatifunsa ngati timagwira kansomba kalikonse pofuna kudziwa kuti usipa wauma pathandala. Anthu anaseka, wapampando anaomba m'manja, nafenso tinaomba. Masiku amenewo wapampando akaomba, sunkafunsa kuti tikuombera chiyani.

Ine sukulu ndinalekeza Sitandade 3, koma kuwerenga mpaka zisanu ndinkatha. Atanena kuti ayambira pa mtengo wa mango uja kulowera kunyanja, ndinawerenga mumtima nyumba za m'kanjira kathu. Ndinabwereza ndi zala, dzanja nditabisa m'chitenje. Yathu inali yachisanu. Namwino akalowa yekha pakhomo, wapampando ali pambuyo pake, apongozi akanatsekereza bwanji?

Ndinathamangira kunyumba. Mwana ndinamusambitsa ndi madzi ofunda, ndinamuveka kadiresi ka kutchalitchi ngakhale kanali katayamba kumuthina m'manja. Ndinasesa pakhonde n'kuyala mphasa. Apongozi anandifunsa ngati ndikudikira chibwenzi changa chija. Ndinakhala pamphasapo n'kuyang'ana kunjira.

Ndinawaona akubwera, wamagalasi akulemba nambala pachitseko chilichonse. Atafika pachitatu anapatuka, n'kulemba 4 pa nyumba ya mkulu wina amene anamwalira mvula isanayambe. Nyumba imeneyo tonse tinali titaichotsa kale m'mutu. Inkangodikira abale adzaigwetse monga mwa mwambo, ndipo ana ankailambalala. Sindinaiwerenge, ndipo palibe wa m'mudzi akanaiwerenga. Basi 5 inagwera pa nyumba ya anansi athu. Pachitseko chathu analembapo 1, kuyambiranso.

Ine munthu wamanyazi, woti ngakhale pamsonkhano wa amayi sindinkatsegula pakamwa, ndinagwada m'mbali mwa njira, mwana ali m'manja.

"Pepani bambo, ijayi si nyumba. Eni ake anatisiya."

"Ili ndi denga, mayi?"

"Ili nalo."

"Chitseko?"

"Chiliponso."

"Ndiye buku langa likuti ndi nyumba. Ndikayamba kusankha ndi maso, masamu onse aonongeka."

Sanalankhule mwaukali. Anachita kundimwetulira. Wapampando ndiye anandiyang'ana, n'kufunsa apongozi ngati mtengwa wawo wayamba kuphunzitsa alendo ntchito. Apongozi anapepesa m'malo mwanga.

Sikelo anaipachika pa mtanda wa khonde la anansi, mapazi khumi kuchokera pa mphasa yanga. Mwana wawo anali wamwamuna, wonenepa, bambo ake anali ndi ngalawa yawoyawo. Anamuika m'kabudula wa sikelo, iye akuponya miyendo, anthu akuseka. Namwino anamuyeza mkono ndi kalamba, anamutsegula zikope, anamudina pamwendo. Pomudina paja ndinaona bwino: khungu linabwerera pomwepo. Ndinadziwa kuti chimene akufunafuna ndi chomwe chili m'manja mwangamu.

Namwino potuluka anayang'ana kwa ine. Maso ake anaima pa mapazi a mwana wanga. Anachita ngati akubwera, koma wamagalasi anali ataloza kale wotchi, akuti midzi itatu ikuwadikira. Podutsa anandinong'oneza: "Mupite naye kuchipatala ameneyo, musachedwe." Apongozi sanamve, kapena anasankha kusamva. Namwino akanawanena mokweza mawu amenewo, pamaso pa wapampando, galimoto ija inali ndi malo.

Madzulo ndinapita kukaanula usipa wa apongozi. Zimene ananena bambo uja zinali zoona, sitigwira kansomba kalikonse. Koma mkazi aliyense wa kunyanja amadziwa kuti sutapa pakati pokha. Umapita dala kungodya kumene mthunzi wa mtengo umafika, chifukwa n'kumene nsomba zimayambira kuola. Yankho limenelo linandibwerera dzuwa litapendeka, galimoto ili kutali. Ndakhala nalo zaka zonsezi, wolimva palibe.

Mwana wanga wamwamuna, amene anabadwa pambuyo pake n'kuphunzira, anandifotokozera kuti njira ija ndi yolondola, ndipo bambo uja sanalakwitse. Mwina. Ine chimene ndidziwa n'chakuti mwana wa anansi anaimira ana a nyumba zisanu. Kwinakwake m'buku, mwana wanga ndi wonenepa, mapazi ake ndi osatupa, ndipo akukula bwino. Kunja kwa bukulo anakhala ndi moyo masiku ena anayi okha, ndipo anandisiyira pabedi la kuchipatala, adokotala akundifunsa chifukwa chimene ndinachedwera.

Koma Lachisanu m'mawa zimenezo ndinali ndisanazidziwe. Ndinadzuka apongozi asanatsegule chitseko chawo. Sindinapemphe chilolezo kwa aliyense. Ndinabereka mwana, ndinamanga chinangwa chophika pakansalu, ndinanyowetsa chala ndi malovu n'kufufuta 1 uja pachitseko chathu. Kenako ndinadutsa pa 5, ndinadutsa pa 4 wa malemu uja, n'kulowa njira ya ku Salima wapansi.