Mabuku Opanda Zikuto a Bambo Phwitiko

Ntchito ya a Symon Phwitiko ku Alberton, kufupi ndi Joni, inali yong'amba mabuku. M'chinyumba chachikulu chamalata kuseri kwa mafakitale, malole ankabwera kudzakhuthula mabuku a nkhani zopeka amene anakanika kugulidwa m'masitolo. Lamulo linali lakuti buku lililonse lichotsedwe chikuto, chikutocho chibwerere kwa osindikiza ake ngati umboni wakuti bukulo lafa, ndipo mtembo wakewo upite kuchigayo cha mapepala. A Phwitiko ankaimirira patebulo kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka: gwira, ng'amba, ponya. Zala zawo zinakhakhala ngati za mlimi wa fodya, ndipo fumbi la mapepala linkawakhala pakhosi.

Mwa anthu onse a ku Joni, ntchito imeneyi inagwera munthu wolakwika. Kwawo ku Ntcheu iwo anali mphunzitsi wa Chingerezi, wa mtundu uja woti akayamba kufotokoza nkhani ya m'buku amaiwala kuti belu linalira kale. Anawachotsa ntchito mu 1989, m'masiku a chipani chimodzi, anyamata a chipani atapeza pansi pa matiresi awo buku limene boma linaletsa. Bukulo silinali lokoma n'komwe, ankatero eni akewo, ndipo chimenechi ndi chimene chinkawanyong'onya kwambiri. Analima mbatata ya kachewere zaka zitatu osaphula kanthu. Mu 1992 anakwera lole ya ku Joni, kusiya akazi awo a Nambewe ndi mwana wawo mmodzi yekhayo, Edna, wa zaka khumi ndi chimodzi, amene pa msinkhu umenewo ankawerenga chilichonse, ngakhale pepala lokulungira sopo.

Anapeza kachipinda kuseri kwa nyumba ya mayi wina wachizulu ku Thokoza. Zaka zoyambazo mfuti zinkalira masanasana, anthu akuphana m'misewu ndi m'masitima, moti munthu popita kuntchito ankatsanzika ngati akupita kutali. A Phwitiko anaona mitembo itafundikidwa nyuzipepala pambali pa msewu, nadutsa atazyolika monga ankachitira aliyense. Loweruka masana ankadzitsekera m'chipinda, n'kukhala pansi kutali ndi zenera, buku lili m'manja.

Mabukuwo ankaba. Tisabise. Lachisanu lililonse buku limodzi lopanda chikuto linkatuluka pageti litabisidwa pamimba, mkati mwa ovolosi. Akanagwidwa, ntchito ikanathera pomwepo, ndipo munthu wopanda mapepala okhalira m'dziko akachotsedwa ntchito alibe kokadandaula. Laban, mnzawo wa patebulo wochokera ku Chipata, ankawaseka mpaka misozi.

"Ba Symon, imwe ndimwe kawalala wa bwanji? Anzanu akuba matayala, imwe mukuba vinyalala!"

"Achimwene, simunatsegule n'chifukwa chake," ankayankha iwo. "Pano tikupha zana limodzi pa ola. Ndikapulumutsako limodzi pa sabata, Mulungu andiweruze yekha."

Lamulungu, mapemphero a Amalawi akatha m'kalasi ina imene ankabwereka ku Edenvale, amayi ogwira ntchito m'nyumba za azungu ndi abambo aulonda ankawazungulira. Onse ankawaitana kuti aphunzitsi, ndipo pa ola limodzi limenelo dzinalo linkakhala loona. Ankatulutsa mabuku m'jumbo ngati sing'anga akutulutsa mizu, aliyense n'kumupatsa lomuyenera.

"Aphunzitsi, ine mundipatse lachikondi, koma lothera pabwino," anatero tsiku lina mayi Wezzie, amene ankalera ana a eni kwinaku ake ali ku Rumphi.

"Lothera pabwino ndilibe, mayi. Amenewo amagulidwa, safika kwa ife. Tengani ili, la mkazi amene anasunga nyumba ya alendo m'tauni ina, migodi yakumeneko itatsekedwa, akuyalabe mabedi tsiku ndi tsiku. Mulira, koma mubwera kudzapempha lina."

Anabweradi. A Phwitiko sankanyengerera pa nkhani ya mabuku. La mfuti ndi akazitape ankati ndi chingamu, ungotafuna osakhuta. Limene anthu ake onse ndi angelo kapena ziwanda ankaliponya pakona. Buku lenileni, ankatero, ndi limene ukalimaliza umakwiya ndi wolembayo chifukwa wakudziwa zamseri.

Koma mabuku amene ankabwereketsa Lamulungu anali otsalira chabe. Abwino zedi ankalowa m'bokosi lachitsulo pansi pa bedi, ndipo bokosi limenelo linali la Edna. Buku silinkalowamo lisanawerengedwe kawiri. Likapambana, ankalisokera chikuto chatsopano cha pepala la thumba la simenti, n'kulilemba dzina lawolawo m'Chichewa, poti mayina enieni ankapita ndi zikuto. Mkati ankalembamo ndi pensulo mawu ochepa. "Ili udikire ukwanitse zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu." "Ili wofotokoza nkhaniyo ndi wabodza, umugwire wekha." Anawalanda ntchito chifukwa cha buku limodzi, ndipo iwo anatsimikiza mtima kuti mwana wawo adzakhala ndi mabuku makumi asanu ndi limodzi, adzapite kukoleji, adzaime kutsogolo kwa kalasi pamalo pamene iwo anachotsedwa. Chinawasunga ndi moyo ku Joni ndi chimenechi basi.

Makalata a Nambewe ankanena zina. Mwamuna wa uje watumiza makina osokera, wa uje wailesi ya makaseti ndi mabulangete, nanga inu? A Phwitiko ankatumiza zimene akanatha, zochepa, n'kulonjeza kuti bokosi lalikulu likubwera. Makalata a Edna, amene poyamba ankadzaza masamba anayi, anayamba kufupika mpaka kutsala moni yekha. Iwo anati mwana watanganidwa ndi mayeso, ndipo ananyadira.

Mu 1997 chifuwa chinawagwira osawasiya. Apolisi nawonso anali atayamba kusesa alendo opanda mapepala m'mataxi ndi m'misewu, wogwidwa n'kutumizidwa kwawo ndi zovala za m'thupi zokha. A Phwitiko anachita mantha, makamaka chifukwa cha bokosi. Anafunafuna Ismaili, dalaivala wa ku Mangochi amene ankanyamula katundu wa machona kupita naye kumudzi, namupempha kuti akalitule ku Ntcheu.

Ismaili anayesa kulinyamula, nalibweza pansi. "Akulu, mwaikamo njerwa?"

"Mwaulemu, amwene. Mukapereke m'manja mwa mwana wanga Edna."

"Kalata yofotokoza mulibe?"

"Akatsegula adziwa yekha."

Apa ndi pamene munthu wowerenga mabuku mazanamazana anaiwala chinthu chimene mwana aliyense wa kwawo amachidziwa. Bokosi lochokera ku Joni silitsegulidwa kuchipinda. Limatsegulidwa pakhonde, mudzi wonse ukuona.

Patapita masabata asanu, Ismaili anawapeza pageti pa nthawi ya chakudya chamasana. Sanafune kuwayang'ana kumaso. Anafotokoza kuti lole itaima anthu anathamangira, amayi akululutira, a Nambewe atavala chitenje chawo cha kutchalitchi. Amuna anayi ananyamula bokosilo, ndipo kulemera kwake kunawonjezera nthungululu. Alamu awo a bambo Phwitiko anatsegula loko. Pamwamba panali mapepala a simenti. Anafukula mpaka pansi, kufuna bulangete, nsapato, kanthu kalikonse, koma munali mabuku okhaokha, ong'ambika, osokedwa ndi ulusi wakuda.

"Nthungululu zinathera pomwepo, akulu. Kenako mayi wina anaseka, enanso n'kuyamba. Ine ndinangolowa m'galimoto." Anatulutsa envulopu m'thumba la malaya. "Iyi wandipatsa mwana wanu pobwerera."

A Phwitiko anakhala pa mulu wa matabwa osanjikirapo katundu nawerenga.

"Ababa, ndikhulupirira muli bwino. Katundu tinalandira. Amayi sakutuluka m'nyumba chifukwa cha manyazi, anthu akuti ku Joniko mumatola m'dzala. Pali nkhani imene tinakubisirani poopa kukudwalitsani. Sukulu ndinasiya chaka chathachi. Ndili ndi mwana wamwamuna, bambo wake anathawira ku Blantyre. Panopa ndimagulitsa zitumbuwa ndi tchipisi pamsewu, pamene pamaima mabasi. Za mabukuwo musadandaule, sanapite pachabe. Ndikukulungiramo malonda. Mapepala ake ndi olimba, sabooka ndi mafuta ngati nyuzipepala, moti anzanga akundisirira. Ngati alipo ena tumizani, makamaka akuluakulu. Ndine mwana wanu, Edna."

Anawerenga kawiri, monga ankachitira ndi chilichonse chofunika. Uphunzitsi sutha: anapezeka akufufuza zolakwika m'kalatamo, ndipo munalibe ngakhale chimodzi. Zilembo zinali zoongoka, mawu aliwonse pamalo pake. Mwanayo sankawanyoza ayi, ankawatonthoza ndi mtima wonse, ndipo zimenezo zinawawa kuposa kuseka kwa mudzi wonse. Zaka zisanu akhala akulankhula ndi kamtsikana ka zaka khumi ndi chimodzi kamene kanasiya kalekale kukhalapo. Analira pamenepo, bambo wamkulu, Ismaili atatembenukira kumsewu.

Belu litalira anabwerera patebulo. Gwira, ng'amba, ponya. Laban anaona nkhope yawo ndipo tsiku limenelo sanaseke.

Lachisanu lotsatira, nthawi yoweruka itayandikira, a Phwitiko anaima pa mulu wa mabuku ong'ambidwa. Kale ankatsegula tsamba loyamba, n'kuwerenga mizere itatu kapena inayi milomo ikugwedera, asanasankhe. Ulendo uno anatola awiri, limodzi dzanja ili lina dzanja linalo, nawayesa kulemera. Lopepukalo analiponya. Linalo analilowetsa mu ovolosi osalitsegula.

"Ba Symon," anafunsa Laban motsitsa mawu, "ilo ndiye labwino?"

"Lili ndi masamba mazana asanu ndi limodzi," anatero a Phwitiko, akumanga mabatani.