Ababa pamwamba pa matumba a kachewere

Moni atsibweni ndi nonse, ine ndatopa.

Kampani ya foni yathetsa pakote ya ilimitadu, bandulo ya intaneti yopanda malire ija, ine osadziwa. Monga mwa masiku onse, ndinalumikiza anzanga a kusikola pa foni ya ababa. Pofika masana mamega onse anali atatha, ababa asanatumize zithunzi za kachewere kwa wogula wa ku Tete.

Atandifunsa ndinangoti, "Ndi rede imeneyo, netiweki yavuta, kwerani pamwamba." Anakweradi pa matumba, foni m'mwamba, chipewa chili pansi, mpaka amayi anaulula kuti ine ndi anzanga tinamaliza mamega. Wogula wakatenga kwina.

Ababa andisenzetsa matumba onsewo kubwezera m'nyumba. Msana ukuwawa, koma ndikakumbukira ndikusekabe.

Atsibweni, wolakwa ndine kapena kampaniyo? Yankhani msanga, ndikulembera pa foni ya amayi, mamega awonso akutha.