Wankhonya wa Lamba Wofiira

A Kachingwe, eni malo a magemu pa Boma, anandinamiza ndili mwana. Dzulo nditamva fungo la jenereta yawo, mtima unawiranso.

Mu gemu yakale munali wankhonya wa lamba wofiira. Akagwetsa mnzake, ankamudzutsa ndi dzanja, ndipo ine ndinkamutsanzira ndikamenyana kusukulu. Kenako a Kachingwe anabweretsa gawo lachiwiri la gemuyo kuchokera ku Tanzania, nati, "Ndi yemwe uja, mwanawe." Nkhope inali yomweyo, koma uyu ankaponda wogwayo n'kumaseka. Ndinkaganiza kuti weniweniyo anamugulitsa pamalire.

Pano ndikudziwa kuti inapanga gawo lachiwirilo ndi kampani ina, koma kukayika sikunathe. Dzulolo a Kachingwe atandiitanira gawo lachitatu, ndinawayang'ana m'maso.

"Bambo, ndimuone kaye akudzutsa mnzake. Apo ayi, lambayo anachita kuba."