Sharope wa alamu anga

Lachiwiri ndinakankha njinga ya alamu anga a Zakariya kuchoka pa malire mpaka kuchipatala, eni ake ali pakaliyala ngati thumba la chimanga. Munthu amene walera ana ake ndi kupalasa, kuwolotsa katundu wa anthu kupita ku Muloza, lero phazi lakumanja lada bii, likununkha.

Anawapeza ndi shuga chaka chatha. Ataonda, pamsika anayamba kunong'ona kuti ndi matenda aja. Pakamwa pathu mukupadziwa inu, kuno kuonda ndi mlandu.

Ndiye tsiku lina anamva pa wailesi kuti akatswiri akunja akufufuza kapamba. Akuti timaselo take topanga insulini, yotsitsa shuga m'magazi, sitifa tonse ayi, tina timangotopa n'kuiwala ntchito. Akutinso m'thupi muli timadzi tolamula kukula, tomwe tingadzutse totopato, kapena kuphunzitsa tinzake ntchitoyo.

Alamu anangotolapo liwu limodzi: kukula. M'mawa mwake anakagula botolo la sharope, mankhwala akumwa onenepetsa, otsekemera aja amagulitsa pafupi ndi malire, jakisoni wawo wa shuga n'kumusiya.

"Alamu, mukudzipha," ndinawauza.

"Inu alamu, chimanga chikafooka simuthira feteleza? Nanenso ndikuthira."

Kuchipatala kuja, namwino atamasula nsanza ya paphazipo anangoti, "Mayo ine!" Ndinamufunsa za pa wailesi zija.

"Bodza si bodza, bambo, koma zambiri akuyesabe pa mbewa. Mwina adzaziona ndi adzukulu athu. Mwendowu wokha sudikira, ukadulidwe kuchipatala chachikulu."

Zandiwawa, ndipo ndakwiya. Nkhani zabwino zimatipeza ngati fungo la nyama ya kwa aneba: timanunkhiza, kenako n'kutaya ndiwo zathu. Wogulitsa botolo amafika pakhomo msanga kuposa wotimasulira zimene wailesi yanena. Ndipo ife tomwe timanong'ona munthu akaonda, si ndife tinawatuma alamuwo kukagula botololo? Akulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo. Koma ukamuuza zimenezo munthu amene msika wonse ukumuwerenga nthiti, sakumva.

Chiyembekezo ndilibe. Mabotolo aja ndawaonanso dzulo, akugulidwa.

Tsiku lija ndikutsanzika kuchipatalako, alamu anandigwira mkono.

"Alamu, paja akuti timaselo timadzukanso. Nanga mwendo suphukira ngati chinangwa?"

Njinga ndabwera nayo kwathu, yatsamira khoma. Aipalase ndani?