Chipilala cha mu Disiki

Abambo anga anagwirapo ntchito m'migodi ya ku Joni. Ankati pansi paja amasiya zipilala za mwala zochirikiza denga osazikumba, ngakhale golide wake akuoneka ndi maso. "Amene amakumba chipilala ndi wadyera," ankatero. Ine ndinkangoti ndi nkhani za okalamba.

Masiku amenewo ndinkayang'anira kompyuta ya pa kachipatala kena kufupi ndi ku Mlangeni. Mayina a odwala, mankhwala amene aliyense amamwa, tsiku lodzatenganso, zonse zinali m'menemo. Lolemba lina asisita, namwino wamkulu, anandipeza pakhonde.

"Achimwene, chinthu chanu chija chikuti chadzaza. Anthu ali pamzere kuyambira m'mawa."

Disiki, mosungira zinthu m'kompyutamo, inali itadzazadi, koma panali kagawo, magawo asanu pa zana, kamene makinawo amasungira woyang'anira yekha, kuti zinthu zikathina akhale ndi poponda pokonza. Zinandipsetsa mtima. Anthu akupsa ndi dzuwa panja, ndiye malo angokhala osagwira ntchito ngati mpando wa bwana? Ndinalemba lamulo limodzi pa kompyutapo, kagawoko n'kukatsitsa mpaka ziro. Mzere unayenda. Asisita anandiyamika, ine n'kumadzimva. Zopempha disiki ina ndinati ndiona mawa, mawa lakelo osafika.

Panapita milungu. Kompyuta inayamba kuchedwa poyaka, kenako kumaima pakati pa ntchito ngati munthu amene wamva mtswatswa kuseri. Ndinkaziona ndithu, koma ndinkangoyang'ana kumbali.

Tsiku limene inafa magetsi anali bwinobwino. Disiki inadzaza mpaka pakamwa ili mkati molemba m'kaundula wa odwala, kaundulayo n'kuwonongeka. Ngakhale ineyo mwiniwake inandikaniza kulowa. Panalibe ndi polemba pomwe kuti ndafika.

Pawindo panali mayi ena amene anayenda wapansi kuchokera kutsidya kwa Lizulu, mwana wa khunyu ali kumbuyo. Kabuku kawo ka kuchipatala kanali katanyowa ndi mvula, zolemba zonse zitasungunuka. Mankhwala a mwanayo anali atatha, ndipo dzina lake sankalidziwa, ankangoti "timapiritsi toyera tija". Asisita sakanapereka mongoganizira.

"Abambo, tidikire?" anandifunsa mayiwo.

Ndi asisita amene anawauza kuti apite kuchipatala cha ku boma. Mayiwo anakungitsa chitenje cha mwana, n'kutsika njira ya kumsewu.

Sanabwerenso. Ndinafuna kuwafufuza kuti ndimve ngati mwanayo anakafika, koma dzina lawo ndi la mudzi wawo zinali m'kaundula momuja.